Tsiku Limene AMbewe Anandilanda Mthiko

Chipo, siya kujambula mbaleyo. Mpunga ukuzizira, iwe uli kalikiliki kuuzungulira ndi foni ngati ndi mkwatibwi. Nawe Limbani, khala pansi. Munthu sadya ali chiimire ngati akudikira basi ya ku Bindura. Chiyambire m'mawa mukungolimbana, wina akuti mnzake ndi wadyera, winayo akuti mnzake ali ndi lilime la mtengo. Ndakumvani mokwanira. Mkangano umenewu si wanu ana inu, mwachita kuupeza. Unayambira m'nyumba mwanga, pakati pa ine ndi agogo anu aamuna, ndipo tinakangana mpaka imvi osaumaliza. Idyani ndikuuzeni, makutu sadya nawo.

Limbani watengera ine. Kuphika sindinakukondepo chibadwire, ndipo sindichita nako manyazi. Ndipatseni khasu, ndilima mpaka dzuwa lipendeke. Ndipatseni nkhwangwa, mudzapeza nkhuni zili mulu. Koma kukhala pa mafuwa, utsi uli m'maso, kudikira nyemba kuti ziganize zopsa, kwa ine chinali chilango. Chakudya n'choti chitseke dzenje la m'mimba, munthu adzuke akagwire ntchito. Ndinkatero kale, nditero ndi lero. Agogo anu, aMbewe, anali a mtundu wa Chipo. Munthu uja akaika mbamu m'kamwa ankatsinzina ngati ali m'pemphero, kanyimbo kakung'ung'udza kukhosi. Ukawafunsa nkhani pa nthawi imeneyo, ankangokweza chala kuti dikira.

Ndinabwera kuno kwa Mashona nthawi ya Chitaganya, ndili mtsikana wa msinkhu wa Chipoyu. AMbewe anali atakhala kale zaka zingapo m'mapulazi, minda ikuluikulu ya azungu ija, ndiye anabwera kwathu ku Ntcheu kudzafuna mkazi, atavala jekete ndi chipewa cha nthenga pambali. Amalume anaona chipewacho n'kuvomera. Palibe amene anafunsa ngati ndimadziwa kuphika. Ankati mtsikana wolima chotere, zinazo azidziwa ndithu.

Inu lero mukwera basi, mugona, mudzuka muli ku Blantyre, n'kumadandaula kuti msana. Ife tinakwera lole ya ulere, titakhalira mitolo yathu, fumbi mpaka m'mano. Pa Tete panalibe mlatho, lole inkakwera pa chombo kuti iwoloke Zambezi. Ine ndinali ndisanaonepo madzi ochuluka chotero. Ndinakumbatira mtolo wanga n'kuyamba kutchula machimo anga limodzilimodzi, kuti ndikamira ndimire woyera. Potembenuka, mwamuna woti andilimbitse mtima ali uko, akufunsa mkulu wina wa pachombo ngati nsomba ya mumtsinjewo imakoma yootcha kapena yophika. Titatsika anasowa. Dalaivala analiza hutala, anthu anatukwana, ine ndinati basi, ukwati wathera pa doko. Kenako ndi awo akuthamanga, chipewa chili m'manja, chodzaza adyo ndi tsabola. Ndikanakhala wochenjera ndikanazindikira pomwepo.

Pulazi yathu inali ya fodya, kufupi ndi Concession. Mzungu wake tinkangomutcha Fulumira, poti ndi mawu okhawo a chilankhulo chathu amene anawaphunzira. M'komboni tinali osakanikirana: ife a ku Nyasalande, a ku Tete, ndi Mashona ochepa amene ankatitcha Mabhurandaya, ngakhale ambiri mwa ife Blantyre tinkangomumva. Chakudya chinali cha reshoni. Simbi, chitsulo chija chotiitanira, ikalira Loweruka, tonse pa mzere ndi matumba athu. Ufa wa mgaiwa woyezera m'chitini, nyemba zofumbwa, mchere, pena mtedza, pena bakayawo, nsomba youma ija yolimba ngati thabwa. Nyama inkabwera ng'ombe ikakalamba pa goli, ndipo inkafika mumphika ikadali ndi maganizo okoka pulawo. Komboni yonse inkalandira zofanana. Kusiyana kunali pa mafuwa.

Tsiku loyamba kuphika m'nyumba yanga ndinaphika therere. Madzi, chidulo, mchere, kuvundula, basi. AMbewe anasamba m'manja, anapemphera, anatema mbamu n'kupisa. Anatafuna nthawi yaitali, chonsecho therere satafuna. Kenako anafunsa mwaulemu wonse.

"Nabanda, therereli linakulakwirani chiyani?"

"Latani? Si lapsa?"

"Kupsa lapsa. Koma lafa imfa yowawa."

Ndinawauza kuti m'mimba mulibe maso, zonse zikafika m'menemo zimafanana. Iwo anati n'chifukwa chake Mulungu anaika lilime pakhomo, kuti lizilandira alendo. Ndinati lilime silinalimepo mzere ndi umodzi womwe. Anati ngakhale ng'ombe imasankha msipu. Tsiku limenelo tinagona chofulatirana.

Musaganize kuti ndinali wouma mutu chabe. Tonse awiri tinadutsa m'njala yaikulu ija ya kwathu, chaka chimene mvula inakana. Ine ndinadya gaga ndi zitsa za nthochi, ndinaona mng'ono wanga akunyambita chipande chopanda kanthu. Ndinatulukamo ndi phunziro lakuti chakudya ukachipeza meza msanga, usachiseweretse. AMbewe anadya gaga yemweyo, ndipo njalayo ndi imene inawathamangitsira kuno, koma anatulukamo ndi phunziro lina, lakuti chakudya ukachipeza uchilemekeze, poti sudziwa ngati mawa chibwera. Njala imodzi inabala ana osiyana. Pa ulendo wawo woyamba anakhalako miyezi ku Tete, akutsuka mbale m'khitchini ya Mmwenye wina, ndipo n'kumene anaona kuti anyezi amayamba wakazingidwa, sachita kuponyedwa m'madzi ngati mwala. Zaka zonse za ubatchala m'komboni anadziphikira okha. Atakwatira ankayembekeza kupuma. Anapeza therere langa.

Anapirira ndithu, akuonda. Ankayesa kundiphunzitsa atakhala pakhomo la khitchini, akunamizira kusoka nsapato. "Nabanda, nyembazo zikuitana madzi." Pakapita kanthawi, "Nabanda, nsinjiro salowetsa moto uli lawilawi." Nsapato imodzi yomweyo anaisoka mpaka inakhala ulusi wokhawokha. Tsiku lina ndinatopa, ndinawaponyera chipande pamiyendo.

"Ngati mumazimva zikuitana, kaziyankheni nokha."

Ndinkayesa akwiya. Anayang'ana chipandecho monga mwana ayang'anira chitumbuwa. Anasuzumira panja, uku ndi uku, n'kulowa, n'kutseka chitseko.

Ana inu simungamvetse za chitsekocho, poti lero amuna akuphika pa TV atavala zipewa zoyera zazitali, anthu n'kumawaombera m'manja. Masiku amenewo batchala akaphika, anthu ankamumvera chisoni. Wophikira mzungu ankamulemekeza, poti ndi ntchito ya tikiti. Koma mwamuna wokwatira kugwira chipande m'nyumba mwake, mkazi ali moyo, manja onse awiri alipo, ankati wadyetsedwa khuzumule, amene Mashona amati mupfuhwira. Ndipo mkaziyo ankamuimba pa mtondo mpaka asamuke pulazi. Choncho tinapangana. Iwo mphika wa ndiwo, chitseko chotseka. Ine nkhuni, madzi, kadimba ka kuseri, denga likadontha, ndi nsima, poti iyo imangofuna mkono.

Khitchini yathu inali kanyumba ka udzu kopanda zenera. Simunayambe mwaona zotere inu a sitovu ya magetsi, amene magetsi akazima mumakhala pansi n'kudya buledi ngati amasiye. Munali mafuwa atatu, mphika wa dothi umene ndinabwera nawo ndi kwathu, ndi chitini cha palafini chodula pamwamba chotungira madzi. Anthu awiri m'menemo, moto uli ngwee, chitseko chotseka, dzuwa likadalipo. Tinkatuluka thukuta lili kamukamu, maso ali psuu. Anthu anaganiza zawo. Amayi a m'komboni ankandikodola ku chitsime n'kumati ukwati watsopano ndi wotero. Limbani, usaseke, sunamve kanthu. Azakhali anu Eliza atabadwa, komboni yonse inati taonani.

Munthu uja ankawerenga chaka ndi m'kamwa. Mvula yoyamba ikagwa, anzawo akuganiza zowokera fodya, iwo ali pa chulu kudikira inswa. Mvula ikakhazikika, bowa. Nthawi ya nkhwani ankasankha nsonga zanthete zokhazokha, n'kumasadzula ulusi wake mofatsa ngati akusosola nkhunda. M'chilimwe, mfutso. Bakayawo ankamuviika m'madzi popita ku ntchito, madzulo n'kumuphika ndi phwetekere ndi nsinjiro mpaka nsomba ija ikumbukire kuti inabadwira m'madzi. Nyama ya ng'ombe ya pagoli ankaikulunga m'masamba a papaya kuti ifewe mtima. Zonsezi zinkatenga nthawi, ine njala ili pakhosi, ndaweruka ku shedi yosankhira fodya. Ndinkatafuna chinangwa chachiwisi podikira, iwo n'kumandidandaulira kuti ndikutseka njira. Zikapsa ndinkadya, n'kukhuta, n'kusamba m'manja. Iwo ali duu, kundiyang'ana kumaso.

"Mwamva bwanji, Nabanda?"

"Ndakhuta."

"Sindinafunse za mimba."

"Nanga chakudya chimapita kuti?"

Ankapukusa mutu ngati m'busa amene walalikira m'tchalitchi chopanda anthu.

Vuto linabwera ndi fungo. Chitseko chimatseka maso, mphuno ayi. Komanso m'komboni munali mwambo wopatsana ndiwo. Kambale kachoka kuno kupita uko, kabwerera ndi zina. Tinayandikana nyumba ndi mai Zuze, mayi wa ku Tete, wamfupi, wa mawu ngati simbi ya reshoni, amenenso anali mkulu wa amayi a mpingo. Kambale kathu kakapita kwa iwo kankabwerera koyera ngati katsukidwa. Mbiri inawanda kuti mkazi wa aMbewe ali ndi dzanja. Ku chitsime ankandizinga.

"Shamwali," ankatero mai Zuze, "nkhwani uja munathiramo chiyani?"

"Mchere."

"Mchere tonse tili nawo."

"Ndi dzanja chabe, mai Zuze. Ndinatengera amayi anga."

Amayi anga, mzimu wawo uuse mumtendere, ankapsereza ndi madzi omwe. Koma kutamandidwa kumakoma, ana inu, ngakhale kwa munthu wosamva kukoma. Ndinayamba kusenza ndowa khosi lili njo.

Chaka china fodya atagulitsidwa, nthawi ya chisanu, akapitawo athu aSande anakonza zokwatitsa mwana wawo wamkazi. Kapitawo pa pulazi sanali munthu wamba. Ndiye ankanena kuti uyu akasankhe fodya m'shedi pamthunzi, uyu akazule ziputu padzuwa. Ine malo anga a m'shedi ndinkawakonda. Fulumira anapereka ng'ombe, osati ya pagoli, yonenepa ndithu. Alendo ankayembekezeka kuchokera m'mapulazi ozungulira mpaka ku Sipolilo, kumene lero mukuti Guruve. Lamulungu titatuluka m'tchalitchi, mai Zuze anandiimitsa pamaso pa amayi onse.

"Tapangana," anatero. "Mpunga ndi thobwa tigawana ife. Koma nyama, shamwali, ndi yanu. Dzanja ngati lanu silingabisale tsiku lotere."

Ndinati mutu ukundipweteka. Anati ukwati ukadali patali, mutu upola. Ndinati sindinaphikepo m'diramu. Anati diramu ndi mphika umene unakula. Akazi a akapitawo anandigwira dzanja n'kuthokoza pamaso pa anthu. Ndinathamangira kunyumba kukawauza aMbewe.

AMbewe atamva anakhala pansi pa mtondo wogonekedwa. Ine ndinkaopa manyazi, ndi kuchotsedwa m'shedi. Iwo ankaopa zina.

"Ng'ombe yathunthu," anatero motsitsa mawu. "Ng'ombe yathunthu m'manja mwanu."

"Mukulira ng'ombe kapena mkazi wanu?"

"Nonse awiri, Nabanda. Koma ng'ombeyo ilibe wina woilirira."

Masiku otsalawo anandilowetsa sukulu. Ankandifotokozera za kukazinga nyama m'mafuta ake omwe, za nthawi yolowetsa anyezi, za kumvetsera mmene msuzi ukuwirira. Ine zinkalowera khutu ili n'kutulukira linali. Ankandipatsa msuzi pa chikhatho kuti ndinene chimene chikusowa, ine n'kumati chikusowa nsima. Ataona kuti mwana wa sukulu ndi mbuli, anaganiza nzeru ina. Nyama ya ukwati inkaphikidwa pabwalo, ndipo amuna ankakhala chapatali pansi pa mkuyu, pooneka. Tinapangana zizindikiro ziwiri zokha, poti zitatu ndikanasokoneza. Akatsokomola, ndithire mchere. Akavula chipewa, ndisolole nkhuni, moto wachuluka.

Nzeru imeneyi tinaiyamikira tokha. Tinaiwala kuti pa pulazi ya fodya palibe mwamuna wopanda chifuwa. Tinaiwalanso kuti agogo anu anali munthu waulemu.

Tsikulo linafika. Madiramu awiri odula pakati ali pa mafuwa, nyama ili tho, ine ndaima ndi mthiko wautali ngati ine ndemwe. Ndinati ndiyambe ndi diramu limodzi, linalo lizingowira. Nkhuni zinali zaziwisi, utsi unandidzaza m'maso, ku mkuyu ndinkangoona zithunzithunzi. Ndinamva kutsokomola, ndinathira dzanja la mchere. Anali aSande. Ndinamvanso, ndinathira. Anali mkulu wina wa ku mabani owotchera fodya, amene ankatsokomola ngakhale pakati pa pemphero. Alendo a ku Sipolilo atafika n'kuyamba kugawana chingambwe, pansi pa mkuyu panamveka ngati khola la mbuzi za chimfine. Ine dzanja m'thumba la mchere, dzanja m'diramu. AMbewe ataona zimenezi anadzidzimuka, malovu anawalowera pena, nawonso anayamba kutsokomola zenizeni. Chifuwa chawo ndinkachidziwa. Ndinati ameneyo ndiye mwiniwake, ndinathira manja awiri.

Utsi utachepa ndinayamba kuona bwino, ndipo m'pamene alendo olemekezeka anayamba kufika. Abusa anatsika pa njinga, aMbewe anaimirira n'kuvula chipewa. Ndinasolola nkhuni. Azakhali a mkwati anadutsa, chipewa chinatsika. Ndinasolola. Pomaliza Fulumira ndi dona wake anabwera kudzaona ng'ombe yawo, ndipo nthawi yonse imene anaima pabwalo, agogo anu anagwira chipewa pachifuwa. Ndinasolola zonse. Madiramu anasiya kuwira, nyama ili phee m'madzi ofunda ngati ikusamba.

Mai Zuze anabwera, anatapa msuzi wa diramu loyamba, analawa. Nkhope inakwinyika ngati ya mwana amene wamwetsedwa kwinini. Anangotembenuka n'kuyang'ana ku mkuyu. Nanenso ndinalawa. Ana inu, ngakhale ine ndinamva. Bakayawo akanalowa m'menemo akanapempha madzi akumwa. Ndinaima ndi mthiko wanga, misozi ikubwera, ndipo sinali ya utsi. Ndinkaona kale ziputu zikundidikira padzuwa, ndi nyimbo imene amayi adzandiimbe pa mtondo.

Belu la tchalitchi linalira, amuna onse anadzuka kulowera kumeneko. Mmodzi yekha analowera kwina. Ndinaona aMbewe akuvula jekete, akulipachika pa nthambi, akupinda mikono ya malaya, akudutsa bwalo lonse pang'onopang'ono ngati munthu wopita kukaweruzidwa. Amuna anaima n'kutembenuka. Amayi anasiya kupeta mpunga. AMbewe anafika pa ine n'kundilanda mthiko ndi manja awiri, mwaulemu.

"Pumulani, Nabanda. Ng'ombeyi yavutika mokwanira."

ASande anaitana ali chapatali. "AMbewe, kodi mwasochera? Tchalitchi chili uku."

"Pitani akapitawo, mukamange ukwati. Ine ndipulumutse chakudya cha alendo anu."

Wina m'gulu la amuna anati khuzumule, ndipo kuseka kunafalikira ngati moto wa lupsa. Agogo anu sanatembenuke. Analawa msuzi uja, anatsinzina, n'kukweza chala. Bwalo lonse, ndi akapitawo omwe, linadikira.

"Diramu linalo simunathire kanthu?"

"Sindinafikeko."

"Mulungu ndi wabwino. Mai Zuze, madzi otentha. Msuzi uwu tiugawe pawiri, nyama tisakanize. Mbatata ilipo? Sendani, iponyeni yathunthu, imwa mchere. Nabanda, moto."

Moto ndiye ndinkaudziwa. Ndinathamangira kwathu, ndinabwera ndi mtolo wa nkhuni zanga zouma, ndinasonkha moto umene sanauonepo pa pulazi imeneyo. AMbewe anatulutsa m'thumba la buluku kansalu komanga mfundo, muli adyo ndi tsabola, kusonyeza kuti mumtima ankadziwa kumene tsikulo lithere. Amayi amene ndinkayesa aseka anali akuthamanga ndi mabeseni, akumvera mwamuna ngati anazolowera kale. Mmene akwati ankatuluka m'tchalitchi, fungo linawachingamira pakhomo, kwaya inafupikitsa nyimbo.

Anthu anadya. Alendo a ku Sipolilo anapukuta mbale ndi zala, ena anapempha fupa la panjira. Mkulu wina wa kuchimuna anaimirira n'kufunsa kuti waphika nyamayi ndani, amuthokoze. Mai Zuze ndi amene anayankha ndi mawu awo a simbi aja.

"Banja la aMbewe."

Mawa lake tikukwecha madiramu ndi mchenga, ndinawafunsa.

"Mai Zuze, simukudabwa ndi zadzulo?"

Anaseka mpaka anakhala pansi. "Shamwali, mumatiyesa ana? Masiku amene aMbewe amagonera ku mabani kuyang'anira moto wa fodya, kambale kanu kamabwera ndi nyemba zoti ungaponyere mbalame pa legeni. Akabwerako, dzanja la amayi anu labwereranso."

"Ndiye munandisankhiranji?"

"Tikanapita kwa iwo akanakana, mwamuna ndi mwamuna. Koma tinadziwa kuti munthu uja angapirire kusekedwa, sangapirire kuona nyama ikuphedwa kachiwiri." Anapukuta misozi ndi chitenje. "Koma mchere uja, shamwali, sitinauyembekezere. Pamenepo munatiposa nzeru."

ASande sanandichotse m'shedi, ndipo nyimbo ya pa mtondo sinaimbidwe, poti oimbawo ndi amene anakonza chiwembucho. Amene analipira ndi agogo anu. Amuna anawapatsa dzina lachikazi, Nambewe, ndipo linawakakamira mpaka kumanda. Poyamba linkawawawa. Ankabwera ku ntchito ali ndwii, akuti anyamata a ku mabani awafunsa ngati akufuna chitenje cha Khirisimasi. Koma anaona kuti owatcha Nambewe Loweruka ndi omwewo obwera Lamulungu masana, nthawi yosamba m'manja, kudzabwereka nkhwangwa. Ndiye ankawafunsa mokweza, kuti komboni imve.

"Mwabwera kwa aMbewe kapena kwa Nambewe? Poti aMbewe alibe ndiwo."

Munthu ankakanda m'mutu, n'kuyankha motsitsa kuti kwa Nambewe. Kuyambira pamenepo tinkaphika chitseko chili chotsekula, ndipo maso anga anapola.

Dona wa Fulumira anamva mbiriyo, anawaitanitsa kuti akakhale kuki ku nyumba yaikulu. Malaya oyera, ntchito ya pamthunzi, ulemu. Ine ndinavina. Mvula isanagwe anali atabwerera ku mabani, atachita kupempha okha. Ndinakwiya, ndinawafunsa ngati apenga.

"Nabanda, kabichi amuwiritsa mpaka ayere ngati nsalu. Ndikati ndithire nsinjiro, akuti ayi. Zimenezo ndikanapirira. Koma ukaphika, mbale zimalowa kuseri kwa chitseko, iwe umangomva belu. Suona nkhope ya munthu akudya. Kuli bwino inu. Mumangoti ndakhuta, koma ndimakuonani."

Ndinapita kukawaza nkhuni, ndipo ndinawaza zambiri kuposa zimene zinkafunika.

Zaka zinapita. Chitaganya chinatha, Fulumira anagulitsa pulazi, tinasamukira ku Selous, tinabwereranso kuno, ana anakula n'kubalalika. Mkangano wathu wokha ndi umene sunakalambe. Kenako manja a agogo anu anayamba kunjenjemera, chipande chinkawagwa, miyendo inakana. Mphika unabwerera kwa ine, pa ukalamba. Ankagona pa mphasa pafupi ndi khomo, n'kumalamulira ali chigonere. "Nabanda, phalalo likugwira pansi, ndikulimva." Ndikawabweretsera ankalawa, n'kupukusa mutu, n'kufunsa kuti zaka zonsezi ndinkayang'ana kuti iwo akuphika. Tsiku lililonse ankadandaula, ndipo ine ndinkakondwera, poti munthu wodandaula ndiwo ndiye kuti akadalipo.

M'mawa wina ndinawaphikira phala la nsinjiro. Ndinawadzutsa, ndinawatsamiritsa pa khoma, ndinawamwetsa ndi supuni. Anameza pang'onopang'ono, atatsinzina. Ndinadikira mlandu wa tsikulo. Anatsegula maso n'kundiyang'ana.

"Nabanda, lakoma."

Ndinaika mbale pansi, ndinatuluka panja, ndinatuma uthenga kwa atate anu ndi kwa azakhali anu Eliza kuti asadikire Loweruka, anyamuke tsiku lomwelo. Anafika bwino, anawapeza akadalankhula.

Phala lija ndinalilawa pambuyo pake, lotsala m'mbale. Linali lopserera, la mibulu, monga mwa masiku onse.